Dzanja Lamanzere la Aphungu

Mayi anali pakati pofinya nsalu za pabedi kuseri kwa nyumba pamene aneba anasuzumira pamwamba pa mpanda. Chigwereni amuna awo, aphungu a deralo, ndi sitiroko, kuchapa kunasanduka kwa tsiku ndi tsiku, moti zala zawo zinali zitasupuka ndi sopo. Komabe m'mawa umenewo ankachapa mtima uli m'malo, chifukwa pazenera la kuchipinda pankatuluka mawu a mwana wawo wachisamba.

"M'mwamba, bambo! M'mwamba! Eyaa, gwirani pomwepo. Tsitsani. Tiyeninso."

Mwanayu anasowa miyezi yonse ya matenda, ali ku mzinda waukulu. Ndiye anangotulukira tsiku lina atanyamula chikuku chatsopano cha odwala, n'kudzipereka yekha kuti aziwachititsa bambo ake mafizo. Mbali yonse ya kumanja kwa bambowo inali itafa, lilime nalo litamangika, koma dzanja lamanzere linali likumvabe. Mayi akamva "m'mwamba" uja ankatsinzina pang'ono n'kunena chamumtima kuti, Ambuye, mwandibwezera mwana wanga.

"Odi kumeneko, aneba! Kodi wailesi mwaimva?"

"Ndiimvera nthawi yanji wailesi ndi mabeseni awa?"

"Ndiye mukundibisira ine? Akuti aphungu athu achira. Akuti sabata yamawayi akakhala nawo m'Nyumba ya Malamulo pa voti ija yosintha malamulo aakulu a dziko. Atchula dera lathu lomwe lino, ndamva ndi makutu angawa. Ndati ndithamange ndikasangalale ndi anzanga, Mulungu wayankha."

Nsalu inapulumuka m'manja mwa mayi n'kugwera padothi.

"Achira?"

"Atero a chipani."

Aneba anawayang'ana nkhope. Anazungulira pageti, n'kudzatola nsalu ija, n'kuyamba kuitsukuluza ngati kuti ndi zimene anadzera.

Kuchipinda mayi anapeza amuna awo ali pampando wa pafupi ndi zenera, dzanja lili m'mwamba likunjenjemera, maso akuwala ngati a mwana amene wayamba kuyenda. Anawapukuta dovu pachibwano, n'kuwatsitsa dzanjalo mofatsa. Kenaka anamukodola mwana uja kuti awatsatire kukhitchini, n'kutseka chitseko.

"Iwe, dzanja ukuwakwezetsali ndi la chiyani?"

"Si mafizo, amayi? Si zimene anatiuza anamwino?"

"Anamwino anati azifinya kampira, azigwira supuni, azipinda zala. Iwe chibwerereni ndi m'mwamba, m'mwamba basi. Ndakufunsa, ndi la chiyani?"

Mwanayo anatsamira sinki n'kuyang'ana pansi.

"Amayi, nkhani yake ndi yaing'ono. Kuti ndime ya m'malamulo aakulu isinthidwe, pamafunika kuti mwa aphungu atatu alionse, awiri avomere. Osati mwa amene abwera tsikulo ayi, koma mwa aphungu onse, odwala ndi athanzi omwe. Wosabwera amangokhala ngati wakana. A chipani awerenga, abwerezanso kuwerenga, ndipo kukuperewera dzanja limodzi. Limodzi lokha, amayi."

"Ndipo dzanjalo lapezeka m'nyumba mwanga muno."

"Akangokweza kamphindi chabe, tibwerako."

"Ndime yake si ija yoti aphungu ndi mtsogoleri wa dziko awonjezere zaka ziwiri pampando popanda chisankho? Ija bambo ako anaikana pakhonde apa, anthu atadzaza bwalo lonseli? Iwe kunalibe. Anati mpando ndi chinthu chobwereka, eni ake akaufuna umabweza."

"Zinali kale zimenezo. Munthu amasintha maganizo."

"Wawafunsa?"

"Ndimufunsa bwanji munthu wosayankhula?"

"Sayankhula, koma amamva. Ndikawauza kuti kunja kukugwa mvula amayang'ana pazenera. Ndikatchula malemu mlongo wako amalira." Mayi anamusendera pafupi. "Ine ndimati mwana wabwera kudzadwazika bambo ake. Ndinafika pokakuyamikira kutchalitchi pamaso pa anthu. Kani ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akulonjeza chiyani?"

"Palibe amene wandilonjeza kanthu."

"Akulonjeza chiyani, iwe?"

"Amayi, ine ndinamaliza sukulu kalekale. Nsapato zandithera m'misewu ya mumzinda ndikugogoda m'maofesi. Bambo ali bwino ankakana kundiyankhulira kwa anzawo, ati si chilungamo. Chilungamocho ndadya? Lero khomo landitsegukira, ndilitseke ndekha? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo."

"Fodya wakeyo ndi bambo ako."

Mwanayo anatuluka, n'kukaima pageti foni ili kukhutu.

Lamulungu masana kunabwera galimoto lakuda. Munatsika a Chipewa, phungu mnzawo wa bambo, amene ntchito yawo m'chipani inali yoonetsetsa kuti aphungu onse avota mofanana. Dzinali anthu anawapatsa chifukwa chipewa chawo sankachivula ngakhale pamaliro. Anabwera ndi shuga, sopo ndi bulangete lofewa, ndipo analowa kuchipinda akufuula ngati akuyankhula ndi gonthi.

"Mkango! Mkango wa dera lino! Taonani mmene wanenepera! Alamu, mukuwadyetsa chiyani amunawa?"

Bambo anawayang'ana kanthawi, kenaka anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Manyazi awo aja sanathe," anatero a Chipewa akuseka okha. "Tiyeni pabalaza, alamu, tisawatopetse."

Mayi anawathirira tiyi. Mwana uja anakhala pampando wa pakona, manja ali pakati pa mawondo.

"Alamu, ine sindizungulira. Mutu umodzi susenza denga. Dengali talinyamula tonse, langotsala pang'ono kuti likhale pamwamba, ndipo tikufuna phewa la achimwene."

"Phewa lake liti, alamu? Lakufa lija kapena linali?"

"Ha! Pakamwa panu paja mpakuthwa. Ayi, ife tikonza zonse. Galimoto lofewa, dalaivala wodekha. Alowa, akweza dzanja, alembi awerenga, atuluka. Ngakhale tiyi sazizira."

"Ine sindinapite patali ndi sukulu," anatero mayi, "koma bambo ankati nkhani ngati imeneyi imafunika riferendamu, dziko lonse livote. Bwanji osakawafunsa eni ake?"

"Ndime zina zimafunadi riferendamu, pamenepo simunaname. Koma iyi maloya athu aiyang'ana uku ndi uku, akuti Nyumba payokha ikhoza. Tikavota ife, mtsogoleri asayina, basi lakhala lamulo. Nanga anthu a kuno mungawafunse za ndime? Inu mukuti ndime, iwo akufunsani mtengo wa mchere."

"Pofuna mavoti awo munkawafunsa bwinobwino."

A Chipewa anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Kumwetulira kunalipobe, koma kunali kutachoka m'maso.

"Alamu, malamulo aakulu omwewa ali ndi ndime inanso. Phungu akadwala mpaka kulephera ntchito, mpando wake amaulengeza kuti ulibe munthu. Otsutsa akhala akufunsa za achimwene, ndipo amene takhala tikuwatchinga ndi ife. Tsopano ngati alephera kubwera ngakhale tsiku limodzi lokha lofunika, ife tidzayankha chiyani? Mpando ukapita, khadi la chipatala lija lipita nawo. Anamwino obwera pakhomo, mankhwala a magazi, madokotala aakulu aja, zonse zimayendera khadi limenelo. Sindikukuopsezani ayi. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Mnansi amatsina khutu, sadula."

"Ganizani bwino, alamu. Mapemphero ndi abwino, nanenso ndimapemphera. Koma kufamase salandira ameni."

Atapita, mayi anatenga bulangete lija n'kuliika pamwamba pa kabati, lili m'pepala lake.

Namwino wa mafizo anabwera m'kati mwa sabata monga mwa nthawi zonse. Anali mtsikana wosachuluka mawu. Anawayeza bambo magazi, n'kukwinya nkhope, n'kuyezanso.

"Akuthamanga kwambiri. Pali chimene chikuwavuta?"

Mayi anamufotokozera za ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo uja chapansipansi ali pakhonde.

"Ulendo wonse uja, pamsewu wa maenje uja? Mayi, ine sindingakuletseni, si ine mwini wodwala. Koma mukandifunsa, ndikuti ayi. Sitiroko ikabwereza sichita nthabwala." Anatsegula chikwama kuti aikemo makina ake, ndiye anaona zala za mayi. Anatulutsa kabotolo ka mafuta, n'kuwagwira dzanja, n'kuyamba kuwapaka chala chimodzichimodzi. "Inunso ndinu munthu, mayi. Mukagwa inu, awa awadzutsa ndani?"

Mayi anayang'ana kumbali kuti mtsikanayo asaone misozi.

M'mawa mwake anapita kufamase kukatenga mankhwala a magazi, poti m'botolo munali mutatsala ochepa. Wogulitsa mankhwala analowetsa khadi m'makina, n'kulitulutsa, n'kulipukuta pamalaya, n'kulilowetsanso.

"Mayi, khadili aliimitsa."

"Aliimitsa ndani?"

"Makina sanena. Angoti tifunse ku ofesi ya Nyumba ya Malamulo." Wogulitsayo anayang'ana anthu amene anali pamzere, kenaka anatsitsa mawu. "Mankhwala amenewa sadukiza. Tengani awa ochepawa, muziwapatsa pamene mukufufuza. Musandifunse zambiri, pitani."

Pobwerera mayi anakhotera kutchalitchi. Munalibe munthu, koma mpheta zimene zinkauluka kudenga. Anagwada pabenchi la kumbuyo nthawi yaitali. Anapempha kuti Mulungu awaonetse njira, kapena awatumizire munthu, kapena angowapatsa mtima wolimba ngati wa amuna awo. Anadikira. Mpheta zinapitiriza kulira, ndipo mawondo anayamba kuwawa. Anadzuka ndi katundu yemwe uja anagwada naye.

Mwana uja anamupeza pakhonde akupukuta matayala a chikuku.

"Khadi aliimitsa. Ukudziwa?"

"Ine sindikudziwa kanthu, amayi."

"Usalumbire, ungachimwe kawiri. Kawauze a chipaniwo kuti tipita. Koma ndipita nawo ine, ndipo palibe wowasambitsa kapena kuwaveka koma ine."

"Amayi, mwachita bwino. Mudzaona, zonse zi..."

"Khala chete. Usandiyamikire."

Tsiku la ulendo mayi anawasambitsa amuna awo kusanatenthe, n'kuwameta ndevu. Anatulutsa suti yakuda imene inali isanavalidwe chiyambireni matenda. Inali itakula, mapewa akulendewera ngati yobwereka. Bambo ankangotsatira ndi maso. Koma mayi atatenga tayi, bambo anaiyang'ana, n'kuyang'ana akazi awo, n'kutulutsa kamawu kokhako kamene kanawatsalira.

"Aa? Aa?"

Mayi anaweramira pakhosi pawo ngati akulimbana ndi mfundo ya tayi.

"Tikupita kuchipatala chachikulu, bambo. Kwa madokotala aakulu aja. Nanga mukafike ngati munthu wamba? Muyenera kutchena."

Bambo anapuma mozama, mapewa n'kugwa. Kenaka dzanja lamanzere lija linakwera pang'onopang'ono, n'kudzawasisita mayi pamkono kawiri, monga ankachitira kale akabwera kuulendo n'kupeza pakhomo pali bwino. Pa zaka zonse za ukwati wawo, mayi anali asanawanamizepo bambowa pa chinthu chachikulu. Anamaliza kumanga tayi osadzutsa mutu.

Dalaivala amene a chipani anatumiza anali bambo wachikulire wa imvi. Anaika pilo kumbali yakufa ija popanda womuuza, ndipo pa dzenje lililonse ankachepetsa liwiro mpaka galimoto kuyenda ngati ngolo. Foni yake inkalira kawirikawiri, a Chipewa akufunsa pamene afika, iye n'kumangoti, "Tikubwera, bwana, msewu ndi woipa." Pakati panjira bambo anafunika kusinthidwa zovala zam'kati. Dalaivalayo anaimika galimoto pansi pa mtengo, n'kutsegula zitseko ziwiri kuti zitchinge, iye n'kukaima chapatali atafulatira, akuyang'ana minda ya eni ake mpaka mayi anamuitana.

Analowa mumzinda dzuwa litapendeka. Galimoto litakhota pa msewu wa mitengo iwiri mbali ndi mbali, n'kuonekera chinyumba cha zipilala zoyera, bambo anadzidzimuka. Anayang'ana chinyumbacho, n'kuyang'ana akazi awo. Dzanja lija linagwira diresi ya mayi n'kuikoka.

"Aa! Aa! Aa!"

"Bambo, dekhani," anatero mwana uja ali kutsogolo. "Ndi kanthawi kochepa."

Mayi anangoyang'ana kutsogolo, diresi ikukokedwa.

Pakhomo la chipinda chokambirana, mlonda wa yunifolomu anawaimitsa. Kupitirira pamenepo kunali kwa aphungu okhaokha. A Chipewa anatulukira, n'kulanda zogwirira za chikuku m'manja mwa mayi.

"Mwagwira ntchito, alamu. Kwerani m'mwambamo, muonera bwino."

Mayi ndi mwana wawo anakwera masitepe kupita kumalo a alendo, kumene munthu amaona Nyumba yonse pansi ngati m'dzenje. Chikuku chitalowa, aphungu a mbali ya boma anaimirira, akumenya matebulo ndi kuimba. Ena ankabwera kudzawagwira bambo paphewa, ena kudzajambulitsa nawo. A Chipewa anaimika chikuku kumapeto kwa mzere, iwo n'kukhala kumanzere kwake.

Phungu wina wa mbali yotsutsa, wamtali wowonda, anaimirira.

"A Sipikala, munthu uyu ndi wodwala! Tonse tikumuona! Tamufunseni ngati akudziwa chimene chili patebulo lero! Tamufunseni angoti inde kapena ayi!"

"Olemekezeka, khalani pansi," anatero a Sipikala. "Phungu amene ali m'Nyumba ali m'Nyumba. Ine si dokotala."

"Mukuopa chiyani kumufunsa?"

"Khalani pansi, apo ayi mutuluka, ndipo dzanja lanu lituluka nanu."

Mbali ya boma inaseka. Anakambirana nthawi yaitali, uyu akuti dziko lilibe ndalama zochitira chisankho, uyo akuti amene watopa ndi chisankho watopa ndi anthu. Mayi sankamva zambiri. Maso awo anali pa dovu limene linkatsika pachibwano cha amuna awo n'kumagwera pa tayi, popanda wolipukuta.

Kenaka belu linalira, zitseko n'kutsekedwa. A Sipikala analengeza kuti onse ovomereza kusintha ndimeyo akweze dzanja, ndipo lisatsike mpaka alembi atadutsa pamzere wawo. Manja anakwera mbali yonse ya boma ngati mapesi m'munda. A Chipewa anakweza lawo lamanzere, n'kuweramira kukhutu kwa bambo. Mayi sanamve mawuwo, koma anawaona pamilomo.

Dzanja la bambo silinakwere. Linali litagwira chitsulo cha chikuku.

"M'mwamba, bambo," ananong'ona mwana uja pambali pa mayi, thukuta lili kamukamu. "Chonde, m'mwamba."

A Chipewa anayankhulanso, akumwetulira. Bambo anapukusa mutu, pang'ono pokha, koma aliyense woyang'ana akanaona. Mitsempha ya padzanja inatupa. Mphamvu zonse zimene anazisonkhanitsa pa mafizo aja zinali pachitsulo chimenecho. Mlembi anali atafika pamzere wa kutsogolo kwawo.

Pamenepo a Chipewa anatsitsa dzanja lawo lamanja kunsi kwa tebulo, n'kuyamba kumasula zala za bambo chimodzichimodzi, nkhope ikumwetulirabe kuyang'ana kutsogolo. Chala china chikamasuka, china chinkagwiranso. Phungu wina wa kumbuyo anaweramira kutsogolo ngati akutola cholembera, n'kuwagwira bambo pachigongono. Dzanja linachoka pachitsulo. A Chipewa analigwira pamkono n'kulikweza, ngati mmene amachitira ndi wopambana nkhonya.

"Taonani! A Sipikala, taonani!" Mbali yotsutsa inaimirira yonse. "Akumukweza! Akumukweza dzanja!"

A Sipikala anali akuwerenga kanthu patebulo pawo.

Mlembi anafika. Anali mtsikana wa magalasi. Anaima, n'kuyang'ana manja awiri ogwiranawo, n'kuyang'ana kwa a Sipikala, n'kuyang'ananso manja aja. Bambo sankamuyang'ana mlembiyo. Maso awo ankayendayenda m'mwamba, m'malo a alendo, mpaka anawapeza akazi awo.

Mayi anapezeka ataimirira. Mawu anali pakamwa penipeni: akukana, amuna anga akukana. Chipinda chinali chaphokoso, komabe mawu a mkazi wofuula kuchokera m'mwamba akanamveka, ndipo makamera onse akanatembenuka. Mwana uja anawagwira dzanja.

"Amayi, khadi. Amayi, andimanga ine, poti ndi ine ndinawauza kuti bambo avomera."

Mayi anatseka pakamwa. Anakhala pansi. Mlembi analemba, n'kupita pamzere wina.

A Sipikala atalengeza kuti chiwerengero chakwana ndendende, osapitirira ngakhale ndi mmodzi, Nyumba inaphulika. A boma ankavina pakati pa mipando, otsutsa akutuluka akukuwa. Chikuku chinatsala chokha kumapeto kwa mzere, ndipo pansi pake panali patayamba kuyenderera madzi.

Palibe wa chipani amene anabwera kudzathandiza. Mlonda ndiye anakankha chikuku mpaka pakhomo n'kuwapatsa mayi. A Chipewa anadutsa pafupi foni ili kukhutu, akuseka, n'kungowakwezera chala chachikulu. Mwana uja anati akukaonana ndi munthu wina kamphindi, ndipo sanabwerere.

Mayi anakankha chikuku m'khonde lalitali kufunafuna chimbudzi. Mayi wina wokolopa anawaona, n'kuona buluku la bambo. Anatsamiritsa chokolopera chake kukhoma, n'kuwatsegulira kachipinda kosungiramo zipangizo, n'kubwera ndi ndowa ya madzi ofunda ndi kansalu koyera.

"Lowani umu, muno simubwera makamera. Amuna anga nawonso anadwala chonchi." Anatseka chitseko, iye n'kuima panja.

Mayi anawavula amuna awo suti ija, n'kuwapukuta, n'kuwaveka zovala za m'chikwama. Nthawi yonseyo bambo anali atatseka maso.

Atabwerera kunyumba, khadi linayambanso kugwira ntchito. Mankhwala anabwera odzaza botolo. Mwana uja anaimba foni kamodzi, n'kunena kuti watsalira mumzinda chifukwa amuuza kuti adikire pafupi, zinthu zili bwino, awapatse moni bambo. Mayi anangoti, "Ndamva," n'kudula.

Koma bambo anasiya kudya. Mayi akabwera ndi mbale, ankatseka milomo n'kutembenukira kukhoma. Akawagwira kuti awatembenuze pabedi, thupi linkauma gwa. Dzanja lamanzere lija linangogona pabulangete, litafumbata, ngati linzake lakufa.

Namwino analipinda, n'kulitambasula, n'kulitsina.

"Dzanjali silinafe, mayi. Likumva bwinobwino. Sakufuna chabe."

Tsiku lina aneba anawapeza mayi atakhala pakhomo la kuchipinda, mbale ya msuzi itazizira pamiyendo.

"Tabweretsani ndiyeseko ine," anatero aneba. Anakatenthetsa msuziwo, n'kukhala pamphepete pa bedi. "Aphungu, ndi ine, wa kuseri kwa mpanda, uja nkhuku zake zimakudyerani maluwa. Tayasamulani, musandichititse manyazi."

Bambo anatsegula pakamwa. Analandira supuni imodzi, yachiwiri, yachitatu. Mayi anaima pachitseko akuona, ndipo anathokoza Mulungu kuti amuna awo adya, koma kuthokozako kunkawawa.

"Musadandaule, aneba," anatero aneba potuluka. "Odwala amatero, amadana ndi wowasamala."

"Si matenda amenewa," anatero mayi. Aneba anadikira kuti apitirize, koma mayi anangotenga mbale n'kukaitsuka.

Sabata yotsatira wailesi inalengeza kuti mtsogoleri wa dziko wasayina, ndimeyo yasinthidwa, ndipo chisankho chimene anthu ankachiyembekezera chaka chamawa kulibe. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, pageti panasonkhana anthu. Sanali ambiri, ndipo sanagende. Anali anthu odziwika nkhope: wokonza njinga wa pamsika, aphunzitsi awiri, amayi ogulitsa tomato, ena mwa iwo omwe aja anadzaza bwalo tsiku limene bambo anaikana ndimeyo.

"Aphungu! Tulukani tikuoneni, si mwachira?"

"Kutipatsa moni dzanja ndi lodwala, koma kutigulitsa ndi lamphamvu!"

"Munati mpando ndi wobwereka! Bwezanitu!"

"Tinkati awa okha ndiye munthu," anatero mphunzitsi wachikulire, osafuula, koma mawu ake anafika. "Kani onse ndi amodzi."

Mayi anali kuchipinda akupinda zovala. Anathamangira pazenera kuti alitseke, amuna awo asamve. Atagwira chotsekera anacheuka. Bambo anali atayang'ana kukhoma monga mwa masiku onsewa, koma mapewa awo ankagwedezeka, ndipo pilo inali itanyowa. Anali atamva kale zonse.

Mayi anaima pamenepo dzanja lili pazenera. Anali munthu wosakweza mawu. Ngakhale kutchalitchi ankaimba chapansipansi. Anaganiza za khadi, anaganiza za mwana wawo amene anali mumzinda kudikira kuitanidwa. Kenaka anakankha zenera lija mpaka linatseguka lonse, n'kukoka katani kumbali.

Anazungulira bedi kupita kumbali ya kukhoma, kumene kunali nkhope ya amuna awo, n'kudzipanikiza pakampata kameneko, n'kugwada pasimenti. Bambo anatseka maso. Panja phokoso linayamba kuchepa, chifukwa anthu anaona katani ikusuntha.

Mayi anayankhula mokweza, moti anamveka mpaka pageti.

"Bambo, inu simunavomere. Ndinakuonani ndi maso angawa, munakana mpaka anachita kukumasulani zala. Amene anakutengerani kumeneko ndi ine. Ndinakuvekani tayi ndi manja angawa, n'kukuuzani kuti tikupita kuchipatala, inu n'kundikhulupirira. Munandifunafuna m'mwamba muja, munandipeza, ine n'kukhala pansi. Ndinaopa kuti mundifera, ndiye ndinapereka dzina lanu kuti nditsale ndi thupi lanu, osakufunsani. Sindikuti mudye, sindikuti mundiyang'ane. Amuna anga, ndakulakwirani pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu awa. Ndikhululukireni."